Chifundo Chimafuna Dongosolo: Phunziro la Namondwe wa Haiyan

Kutamandidwa konse kukhale kwa Allah, Mwini mphepo ndi nyanja, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, nkhani yothandiza anthu amene agweredwa tsoka si yachilendo pa mimbari tsiku la Ijumaa. Masheikh athu amatikumbutsa kawirikawiri za ubwino wa sadaka ndi malipiro ake, ndipo tonse ndife mboni kuti anthu a m'mbali mwa nyanja ino si oumira. Chilengezo chikamveka mumzikiti kuti kwinakwake kwagwa zovuta, wina amatulutsa ndowa ya chimanga, wina mulu wa usipa, wina chitenje. Chimene sitikambirana mokwanira ndi ulendo wa thandizolo kuchokera m'dzanja la wopereka kukafika m'dzanja la wovutika, chonsecho pa ulendo umenewu m'pamene zabwino zambiri zimatayikira. M'nkhani ino tifotokoza zimene zinachitika m'dziko la Philippines m'chaka cha 2013, pamene namondwe woopsa anasesa midzi ya asodzi ndi alimi, kuti tione thandizo limene linapulumutsa anthu, limene linaonongeka panjira, ndi zifukwa zake.

Namondwe wa Haiyan

Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,000 kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Anthu ake ochuluka amakhala m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo m'midzi amadalira usodzi, mpunga ndi kokonati. Chaka chilichonse anamondwe pafupifupi 20 amafika m'chigawo cha dzikolo. Namondwe wotere amabadwira pamwamba pa nyanja yofunda. Madzi akatentha kufika pa madigiri 26 kapena 27, nthunzi imakwera yambiri, mpweya umayamba kuzungulira ngati kamvuluvulu wamkulu, ndipo mphepoyo imanka nikula pamene ikuyenda pamadzi ofundawo. Kumadzulo kwa nyanja ya Pacific amamutcha typhoon, ku Atlantic amati hurricane, ku nyanja ya Indian amati cyclone, koma chinthu chake n'chimodzi chomwe ife timati namondwe.

M'mbandakucha wa Lachisanu pa 8 November 2013, namondwe wa Haiyan, amene eni dziko anamutcha Yolanda, anafika pamtunda pa tauni ya Guiuan ndi mphepo yothamanga makilomita oposa 300 pa ola. Kuchoka pamenepo anadutsa pazilumba za Leyte, Cebu ndi Panay. Mumzinda wa Tacloban, umene uli pa Leyte, chimene chinapha anthu ambiri si mphepo ayi koma madzi. Mphepo inakankhira nyanja kumtunda, madzi n'kukwera mamita 5 kapena kuposerapo, mpaka zombo zonyamula katundu zinakatsakamira pakati pa nyumba za anthu. Boma linawerenga anthu omwalira 6,300, osowa oposa 1,000 ndi ovulala oposa 28,000. Nyumba zoposa 1 miliyoni zinaonongeka, ndipo anthu okwana 4 miliyoni anasowa pokhala.

Chenjezo linalipo. Nthambi yoona zanyengo ya dzikolo, PAGASA, inalengeza kuti kudzakhala chimene m'Chingerezi amati storm surge, kutanthauza kusefukira kwa nyanja kumeneku. Koma mawuwa anali achilendo kwa anthu wamba. Ambiri mwa opulumuka ananena pambuyo pake kuti akanauzidwa momveka kuti nyanja ibwera kudzamiza nyumba ngati tsunami, akanathawira kumapiri. Ena anathawira m'nyumba zolimba zimene zinali pafupi ndi gombe, madzi n'kuwapeza momwemo.

Oyamba kuthandiza anali oyandikana nawo

Masiku oyambirira, thandizo lakunja silinathe kufika. Bwalo la ndege la Tacloban linali litaonongeka, misewu itatsekeka ndi mitengo ndi zigumukire, mafoni ndi magetsi zitafa. Apolisi, anamwino ndi ogwira ntchito m'boma anali nawonso ofedwa, akusakasaka ana awo. Amene anavuula anthu m'madzi, kumanga mabala, kugawana kampunga kotsala ndi kuika maliro anali opulumuka okhaokha. Njala itakula anthu anayamba kuthyola masitolo, ndipo pa tauni ya Alangalang anthu 8 anafa khoma la nkhokwe ya mpunga ya boma litawagwera pamene khamu limalimbirana matumba. Umu ndi m'mene zimakhalira thandizo likachedwa ndipo palibe amene anakonzeratu za kagawidwe.

Koma pa kachilumba ka Tulang Diyot, m'dera la tauni ya San Francisco ku Cebu, zinthu zinayenda mwina. Kumeneko anthu anali atazolowera kwa zaka zambiri kukhala m'timagulu ta mabanja oyandikana totchedwa purok. Kagulu kalikonse kanali ndi atsogoleri ake, kankadziwa mabanja ake onse, kankasonkha kangachepe kosungira tsiku la ngozi, ndiponso kankayeserera kasamukidwe. Ntchitoyi anailimbikitsa kwambiri ndi Alfredo Arquillano, amene anakhalapo meya wa tauniyo. Chenjezo litamveka, anthu onse a pakachilumbako, pafupifupi 1,000, anasamutsidwa namondwe asanafike. Nyumba zawo zinasesedwa, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anamwalira. Anthuwa sanali olemera kuposa anzawo a ku Leyte. Chimene anali nacho ndi kudziwana, kumverana ndi kukonzekera.

Afilipino ali ndi mawu akuti bayanihan. Chiyambi chake ndi mwambo wakumudzi woti banja likafuna kusamuka, amuna a m'mudzimo amalowetsa nsungwi kunsi kwa nyumba yake yamitengo n'kuisenza pamapewa mpaka pamalo atsopano. Makolo athu ananena zomwezo pamene anati mutu umodzi susenza denga, ndipo aliyense amene anakokapo khoka pagombe akudziwa kuti chingwe chimamvera manja ambiri akamakoka nthawi imodzi.

Ntchito ya anthu odzipereka

Kutali ndi kumene kunagwa tsokali, m'mizinda ya Manila ndi Cebu, anthu zikwizikwi anadzipereka popanda malipiro. Ana asukulu, amayi ndi anthu oweruka kuntchito ankachezera m'nyumba zosungiramo katundu, kupima mpunga ndi kulongedza zakudya zam'zitini m'mapaketi okwanira banja limodzi. Ntchito yotere ilibe ulemerero, koma popanda iyo thumba la makilogalamu 50 silingagawike mwachilungamo pamzere wa anthu anjala.

Ndege za asilikali zitayamba kutulutsa opulumuka ku Tacloban, ambiri ankatsikira pabwalo la Villamor ku Manila alibe ndalama, alibe foni, ena asanauonepo mzindawo. Anthu wamba okhala ndi magalimoto anagwirizana pa ntchito imene anaitcha Oplan Hatid: ankadikira pabwalopo usana ndi usiku, n'kumanyamula mabanjawo ulere kukawatula pakhomo pa abale awo. Anaona chosowa chimene ena onse sanachione, n'kupereka chimene anali nacho.

Thandizo linachokeranso kunja. Afilipino mamiliyoni amene amagwira ntchito m'maiko ena anatumiza ndalama kwa abale awo, monga amachitira ana athu a ku Johannesburg kwathu kuno kukavuta. Bungwe la United Nations linapempha madola 301 miliyoni patangopita masiku 4. Anthu a ku Britain anasonkha mapaundi oposa 90 miliyoni kudzera ku Disasters Emergency Committee. Ku Japan mwana wa zaka 6 anakapereka ku ofesi ya kazembe wa Philippines ndalama zimene ankasunga m'kabokosi kake, zokwana mayeni 5,000. Ndipo ngakhale kuti madera amene anakhudzidwawo ndi a Akhristu ochuluka, maiko monga Indonesia, Malaysia, Turkey, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates anatumiza thandizo, komanso mabungwe a Islamic Relief ndi Muslim Aid anakagwira ntchito kumeneko. Palibe amene anafunsa wanjala kuti amapemphera kuti.

Chopereka chothandiza ndi chopereka cholemetsa

Si chilichonse choperekedwa ndi mtima wabwino chimene chimathandiza. Pa ngozi zikuluzikulu, zovala zakale zimabwera milumilu, zosachapa ndi zosasankhula, ndipo zimadya malo m'galimoto ndi m'nkhokwe amene akanakhala a madzi, mankhwala ndi malona. Zimadyanso nthawi ya anthu odzipereka amene ayenera kukhala pansi kuzisankhula. N'chifukwa chake akuluakulu oyendetsa thandizo ku Philippines ankapempha anthu kuti atsogoze chakudya, madzi ndi ndalama.

Chitsanzo china ndi mkaka wa ufa wa makanda. Wopereka amaona ngati wachita chifundo chachikulu, koma kumene madzi ali oipa ndipo nkhuni zowiritsira mabotolo palibe, mkaka wotere umabweretsa matenda otsekula m'mimba amene amapha khanda msanga, komanso umachititsa mayi kusiya kuyamwitsa. Dziko la Philippines lili ndi lamulo la chaka cha 1986 loteteza kuyamwitsa, ndipo pa nthawi ya Haiyan boma linakana kuti mkaka wotere uzigawidwa mwachisawawa m'misasa. Njira yotetezera khanda ndi kudyetsa mayi wake ndi kumupatsa malo abata oyamwitsirapo.

Thandizo limodzi limene anthu a ku Tacloban amalikumbukira ndi la bungwe la Tzu Chi, la Abuda a ku Taiwan. Bungweli linalemba opulumukawo ntchito yochotsa zinyalala ndi matope m'madera awo omwe, n'kumalipira aliyense mapeso 500 patsiku. Anthu zikwizikwi ankabwera tsiku lililonse. Zotsatira zake zinali zitatu pa ndalama imodzi: misewu inatseguka, mabanja anagula chimene aliyense ankachisowa, ndipo ogulitsa m'misika anayambiranso malonda chifukwa ogula anali ndi kanthu m'thumba. Kuposa apo, munthu amene dzulo anaima pamzere wopemphetsa anabwerera kunyumba madzulo ngati wogwira ntchito. Kumene msika ukuyenda, ndalama imalemekeza wolandira, pakuti iye ndiye adziwa ngati chofunika lero ndi misomali, mankhwala kapena ufa.

Chopereka ndi amana

Ndalama zikachuluka, mafunso amachulukanso. M'mwezi womwewo wa November 2013, boma la Philippines linatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa Foreign Aid Transparency Hub, pomwe aliyense ankatha kuona zimene maiko analonjeza ndi zimene zinafikadi. Anthu anaphunzirapo kuti lonjezo la pawailesi ndi ndalama yofika m'manja n'zosiyana kutali. Chaka chotsatira, ofesi yolondoloza chuma cha boma inapeza kuti mapaketi a chakudya oposa 7,000 anaonongeka asanafike kwa anthu chifukwa cha kusasungidwa bwino. Chakudyacho sichinabedwe, chinangosowa denga labwino, galimoto ndi munthu wochilondoloza. Kwa wanjala, chakudya chobedwa ndi chakudya choola n'chimodzimodzi.

Misasa ikatsekedwa, umphawi umatsala

Atolankhani anachoka patatha masabata ochepa, koma mavuto aakulu anali akuyamba kumene. Mabwato a asodzi pafupifupi 30,000 anasweka kapena kutayika. M'chigawo cha Eastern Visayas chokha mitengo ya kokonati yokwana 33 miliyoni inagwa kapena kuthyoka, ndipo mtengo wa kokonati umatenga zaka 6 mpaka 8 kuti uyambe kubereka. Mlimi wotere thumba la mpunga limamusunga mwezi umodzi. Chimene chimamudzutsa ndi mbewu zocha msanga zoti adye podikira mitengo yatsopano. Msodzi naye amadzuka ndi bwato ndi ukonde.

Boma linaletsa kumanganso nyumba pamtunda wosakwana mamita 40 kuchokera kunyanja, n'kukonza zomanga nyumba zoposa 200,000 kumalo okwera. Patatha zaka 5 zambiri mwa izo zinali zisanathe, ndipo zina zimene zinatha zinali kutali ndi gombe ndiponso zosowa madzi. Asodzi ena anabwerera kumalo oopsa aja, chifukwa msodzi sangagone kutali ndi bwato lake. Amene amathandiza popanda kufunsa eni mavuto amamanga nyumba zimene anthu sagonamo.

Komabe phunziro lalikulu linamveka. Mu December 2014 namondwe wina, Hagupit, analunjika madera omwewo. Ulendo uno machenjezo anaperekedwa m'mawu omveka, chakudya chinaikidwiratu pafupi, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasamuka nthawi ikadalipo. Omwalira sanafike 30. Namondweyu anali wocheperapo mphamvu pofika pamtunda, koma kusamuka msanga kunapulumutsa ambiri.

Chimene chipembedzo chathu chikutiphunzitsa

Ma ulama amafotokoza kuti kupulumutsa womira, kudyetsa wanjala ndi kuika maliro ndi faradhi kifaya, kutanthauza udindo umene uli pa gulu lonse: ena akaukwaniritsa mokwanira onse apepukidwa, koma ukasiyidwa onse ali ndi mlandu. Mawu akuti mokwanira ndi ofunika kuwamvetsa. Ngati tasonkha koma chakudya chaolera m'nkhokwe, wanjala uja akadali ndi njala, ndipo udindo ukadali pa ife.

Amafotokozanso kuti munthu amene chuma chake chaonongeka ndi tsoka, ngakhale dzulo anali mwini maboti, ali ndi ufulu wolandira thandizo mpaka ataimanso payekha. Zakaati ili ndi magulu ake 8 oyenera kulandira, ndipo siyenera kusakanizidwa ndi ndalama zina. Sadaka ndi yotambasuka: imapita kwa aliyense wovutika, Msilamu ndi amene si Msilamu, ndipo ikhoza kukhala ndalama, mphamvu, luso kapena galimoto, monga anachitira madalaivala a ku Manila aja.

Dongosolo pa thandizo si chinthu chobwera ndi mabungwe a masiku ano. M'chaka cha 18 cha Hijra kunagwa chilala choopsa ku Arabia, chimene olemba mbiri amachitcha Chaka cha Phulusa. Khalifa Umar bin Khattab, Allah asangalale naye, analembera abwanamkubwa a madera amene kunali chakudya, ndipo thandizo linabwera kuchokera ku Sham. Anasankha amuna oyang'anira anthu amene anathawira ku Madina, ankawerengetsa odya, ankatumiza chakudya kwa odwala ndi ana amene sakanatha kubwera, ndipo iye mwini anadzimana zakudya zonona mpaka anthu atapeza bwino. Mvula itagwa anathandiza anthuwo kubwerera kwawo. Kulemba, kuwerenga, kufikira ofooka ndi kubwezera anthu pa moyo wawo wakale, zonsezi ndi njira ya makolo athu m'chipembedzo.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anamondwe a mtundu womwewu afika kale kwathu kuno: Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu March 2023, amene anagumula phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe ndi kusesa midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo ambiri anayamba Ramadhani ya chaka chimenecho ali m'misasa, dziko likulimbananso ndi kolera. Mu 2024 nyanja yathu inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu m'magombe ambiri. Choncho zimene taona ku Philippines zikutikhudza, ndipo tikupempha makomiti a mizikiti kuti aganizire mfundo izi.

Choyamba, mzikiti uliwonse udziwe anthu a m'dera lake mvula isanayambe: nkhalamba, amasiye, olumala, amayi oyembekezera ndi odwala, kuphatikizapo oyandikana nafe amene si Asilamu. Zidziwike kuti ndani adzanyamula ndani, ndani ali ndi boti la injini, ndipo malo okwera othawirako ndi ati. Izi zichitike mogwirizana ndi mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti tisagawe kawiri pakhomo limodzi pamene khomo lina ladumphidwa.

Chachiwiri, chenjezo la anthu a zanyengo likamveka pawailesi, libwerezedwe pamzikiti m'Chiyao ndi m'Chichewa chomveka. Kunena kuti madzi afika m'khosi ndipo asodzi asalowe panyanja kumamveka kuposa kutchula mamilimita a mvula. Kuthawa ngozi sikutsutsana ndi kuyedzamira kwa Allah.

Chachitatu, tifunse tisanasonkhe. Titumize anthu awiri kapena atatu, mwa iwo mukhale mayi, akaone ndi kumva chimene chikusoweka, pakuti pali zosowa za amayi ndi atsikana zimene sangazitchule pamaso pa amuna. Kawirikawiri zoyamba ndi madzi abwino, klorini, sopo, ndowa, ufa, mapoto, malona ndi maneti a udzudzu. Zovala zikhale zochapa, zosang'ambika ndi zosankhulidwa kale. Chimene ife sitingavale tisachitche sadaka.

Chachinayi, ndalama zikhale ndi mabuku. Zakaati ilembedwe payokha, sadaka payokha, osunga asachepere atatu, ndipo lipoti la zolowa ndi zotuluka liwerengedwe pagulu ikatha swala ya Ijumaa. Wokhulupirika sakhumudwa ndi kuwerengetsa, chifukwa kumamuteteza ku manong'onong'o.

Chachisanu, tisunge ulemu wa wolandira. Kuimika mayi wamasiye ndi thumba la ufa pamutu kuti ajambulidwe n'kufalitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp ndi kumulipiritsa ndi manyazi ake. Umboni kwa opereka ukhoza kukhala malisiti ndi mndandanda wosungidwa ndi komiti. Tisamale niya zathu, pakuti kudzionetsera ndi kukumba zimene tapereka kumafafaniza malipiro.

Chachisanu ndi chimodzi, tisamalize mphamvu zonse sabata yoyamba. Gawo lina la zosonkha lisungidwire miyezi ya m'tsogolo, pamene misasa yatsekedwa ndipo anthu akusowa mbewu, makasu, maukonde, malata ndi zolipira kusukulu. Achinyamata amene akukonza msewu kapena kumangira nkhalamba nyumba, ngati nawonso ndi okhudzidwa, ndi bwino kuwapatsa kangachepe monga zinachitikira ku Tacloban.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Wokhulupirira amadziwa kuti chimene wapereka wachisungitsa kwa Mwini wake amene saiwala, choncho n'koyenera kuti achiperekeze mpaka chifike pamene chikufunika.

Tikupempha Allah kuti awachitire chisoni abale athu amene anatisiya pa ngozi zimenezi, awapatse kupirira ofedwa, awabwezere zabwino amene anataya katundu wawo kuno ndi kumaiko akutali, ndipo atiteteze ife ndi ana athu ku zoopsa za pamtunda ndi za panyanja. Atipatse mitima yopatsa, manja okhulupirika ndi nzeru zoyendetsera zimene watisungitsa. Ameen.